Kugulitsa nyumba ya ku Area 25 popanda ejenti: momwe ntchito ikuyendera, 2024

Nyumbayi ndi ya zipinda zogona zitatu, ya njerwa zootcha ndi malata, ili mumpanda, ndipo kumbuyo kuli kanyumba ka zipinda ziwiri. Ili ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, pamalo a lizi ya zaka 99 olembetsedwa ku Unduna wa za Malo, ndipo eni ake akukhalamo. Ejenti amene anafunsidwa anatchula 5 peresenti ya mtengo wogulitsira, choncho ife a m'banjamo tagwirizana zogulitsa tokha. Ndalama zonse zolembedwa m'munsimu ndi za nyumba ino yokha komanso za mitengo ya chaka cha 2024. Ngati malo anu ali pansi pa Malawi Housing Corporation kapena khonsolo, kusintha dzina kumayambira ku maofesi awo, koma zina zonsezi sizisiyana kwenikweni.

11 Malichi: fayilo ya mapepala

Chikwangwani sichinakhomedwe, ndipo sitinauze anthu. Tayamba ndi kusonkhanitsa m'fayilo imodzi setifiketi ya lizi, mapu a puloti osonyeza mabikoni (zizindikiro za malire a puloti), mapulani a nyumba okhala ndi chidindo cha khonsolo, malisiti a msonkho wa malo ndi a msonkho wa khonsolo, chiphaso cha unzika cha mwini nyumba, TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya ku MRA, ndi mabilu a madzi. Chilichonse tachita fotokope katatu. Mapepala enieni sachoka m'nyumba, ndipo wofuna kugula amaonetsedwa fotokope basi.

Pongoyika mapepalawa pamodzi, vuto loyamba laoneka kale. Lizi inalembedwa mu 2009 ndi dzina loyamba ndi la bambo, pomwe chiphaso cha unzika, chimene chinabwera mu 2017, chili ndi maina atatu ndipo chilembo chimodzi ndi chosiyana. Kwa achibale ndi munthu mmodzi yemweyo, koma loya wa wogula kapena banki sangazilole. Mankhwala ake ndi chikalata cholumbira pamaso pa loya kapena majisitireti chotsimikiza kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi. Chatenga tsiku limodzi.

Popeza mvula idakalipo, talowanso kudenga ndi tochi ikugwa. Madontho apezeka malo atatu, onse pa misomali yomwe mphira zake zinauma. Tawazinga ndi choko kuti mmisiri adzawapeze mvula ikatha.

20 Malichi: zimene kaundula akunena

Tinapempha official search ku ofesi ya kaundula wa malo. Mumapereka nambala ya title (nambala ya malowo m'kaundula), kulipira ndi kulandira lisiti la boma, kenako amakupatsani pepala losonyeza mwini malo, zaka za lizi, ndi chilichonse chimene chinalembedwa pamalowo, kaya chikole cha banki kaya chiletso chimene munthu wina anakaikapo. Wogula wanzeru adzachita yekha zimenezi, nchifukwa chake wogulitsa ayenera kuyamba ndiye.

Pepalalo lasonyeza kuti nyumba idakali chikole ku banki ina. Ngongoleyo inatha kubwezedwa mu 2017 ndipo setifiketi inabwerera kwa eni ake, koma chikolecho sichinafafanizidwe m'kaundula. Izi zimachitika kwambiri chifukwa munthu akamaliza ngongole amaona ngati kulandira mapepala ake ndiye kuti zatha. Sizitero. Banki iyenera kusaina chikalata chochotsa chikole, ndipo chikalatacho chikalembetsedwe kwa kaundula. Tikanadziwira izi wogula ali pakhomo, akanaganiza kuti tikumubisira ngongole.

Apa ndi pomwe talemba loya. Ejenti mungathe kumulumpha, loya ayi. Dzina lake taliyang'ana pa mndandanda wa Malawi Law Society wa maloya amene ali ndi laisensi ya chaka chino. Tagwirizana K600,000 pa ntchito yochotsa chikole, kulemba mgwirizano wogulitsana ndi kutiimira mpaka dzina litasintha. Mgwirizano wa malipirowo ndi wolemba.

Tafunsanso ngongole za boma. Msonkho wa khonsolo watsalira K412,000, wa malo K135,000. Zonse talipira, malisiti ali m'fayilo. Popanda kalata ya khonsolo yotsimikiza kuti palibe ngongole, kusintha dzina sikuyenda.

5 Epulo: mtengo

Kufunsa aneba kuti yakutiyakuti inapita pa zingati sikuthandiza. Aliyense amatchula mtengo umene mwini wake ankafuna, osati umene analandira. Komanso chichokereni Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo yakale ilibenso ntchito: simenti, zitsulo ndi malata zinakwera, pomwe ndalama m'matumba mwa ogula sizinakwere nawo.

Taitana valuer (katswiri woyeza mtengo wa nyumba) wolembetsedwa, K350,000. Wayeza nyumba yonse ndi tepi, wajambula, wayang'ana lizi, wayerekeza ndi nyumba zina zimene zinagulitsidwadi m'derali, ndipo lipoti lake lati K74 miliyoni. Tikhoma K78 miliyoni kuti pakhale ponenerera, ndipo pansi penipeni tagwirizana m'banja kuti ndi K70 miliyoni. Nambala yapansiyo aidziwe anthu awiri okha. Ikangofika kwa mlamu kapena wantchito, mawa lake yafika kwa wogula.

Valuer wafunsa mabikoni. Atatu aoneka, lachinayi ayi. Saveya, pa K220,000, walipeza litakwiririka pansi pa konkire ya ngalande kuseri, ndipo mpanda uli m'kati mwa malire mbali zonse. Ndalamayi ikuoneka ngati yotayika poti palibe cholakwika chapezeka, koma mpanda wolowa kwa neba ngakhale ndi theka la mita umagwetsa malonda, ndipo ndi bwino kudziwa panopa.

22 Epulo: kukonza

Cholinga si kumanganso nyumba. Matailosi atsopano kapena khitchini yamakono sizibweza ndalama zake, chifukwa wogula amadzaphwasula kuti aike zimene akufuna. Takonza zokhazo zimene munthu angaloze ndi chala kuti atsitse mtengo.

Malata atatu pa K32,000 lililonse, K96,000. Misomali ya malata ndi mphira zake K18,000. Mabodi a siling'i asanu m'malo mwa othimbirira, K105,000. Penti ya madzi zidebe zinayi za malita 20, K312,000, ndi ya mafuta zitini ziwiri za malita 5 ya zitseko, mawindo ndi geti, K92,000. Simenti matumba atatu K72,000, ya ming'alu ya pakhonde ndi mpanda. Mankhwala a chiswe K65,000. Kupopa septiki tanki K90,000. Amisiri onse pamodzi K340,000. Zonse K1,190,000.

Ziwiri zavuta. Khoma la kuseri kwa bafa penti yatsopano yatupa ndi kusupuka patangopita masiku ochepa. Chifukwa chake ndi paipi yolowa kukhoma imene inkadontha pang'onopang'ono pa jointi, moti pulasitala anali wonyowa m'kati ngakhale kunja ankaoneka wouma. Pulambala wagumula, wasintha jointi, ndipo khomalo lasiyidwa sabata ziwiri kuti liume asanapakenso. Chachiwiri ndi chiswe: mafelemu awiri a zitseko a kanyumba kakumbuyo anali odyeka m'kati. Kupaka penti pamwamba sikubisa, munthu akangogogoda ndi kiyi amamva kuti m'kati ndi mphako. Kalipentala wadula mbali zodyekazo n'kulumikiza matabwa ena, ndipo mankhwala athiridwa m'ngalande yokumbidwa mozungulira maziko, osati kungowaza pakhoma.

6 Meyi: kulengeza

Chikole chafafanizidwa, ndipo search yachiwiri yatuluka yoyera. Tsopano tingalengeze.

Tagula simu kadi yapadera ya malondawa, kuti nambala ya m'banja isamwazike. Chikwangwani cha chitsulo pageti K45,000. Malonda ang'onoang'ono m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times K120,000. Mayunitsi ndi bandulo K40,000. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp taika zithunzi khumi ndi ziwiri zojambulidwa m'mawa, makatani atatsegulidwa, zovala ndi ziwiya zitachotsedwa. Mawu ake ndi achidule: dera, zipinda, kukula kwa puloti, lizi ya zaka 99, madzi ndi magetsi zilipo, mtengo, ndiponso kuti akugulitsa ndi mwini wake. Nambala ya puloti ndi ya title sitinaike.

Nthawi yake ndi yabwino. Msika wa fodya watsegulidwa, ndipo alimi akuluakulu ndi amalonda a mbewu amakhala ndi ndalama kuyambira pano mpaka chakumapeto kwa nyengo yozizira. Ogula odalira ngongole ya banki ndi ochepa chaka chino. Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo ndi ochepa olandira malipiro a pamwezi amene angakwanitse kubweza ngongole ya nyumba pa mlingo wotere.

25 Meyi: madobadoba ndi odzaona

Mafoni ambiri si a ogula. Ndi madobadoba. Amayamba ndi "ndili ndi kasitomala wanga wa kashi", kenako amafuna kuti muwalonjeze kenakake. Yankho lathu ndi limodzi kwa onse: amene wabwera ndi munthu wake akalipidwe ndi munthu wakeyo, mwini nyumba salipira komishoni. Tikulemba yankholo pa meseji kuti pakhale umboni, chifukwa dobadoba amatha kudzatulukira tsiku la malipiro n'kunena kuti wogula anamupeza ndi iye.

Zithunzi zathu zapezeka pa tsamba lina pa K86 miliyoni, nambala ya foni ili ya munthu wina, ndipo akulipiritsa anthu K10,000 kuti awaonetse nyumba. Kuipa kwake si ndalama yoonetsera yokhayo. Wogula akaona nyumba imodzi pa mitengo iwiri amayamba kukayikira zonse. Tachotsa zithunzi zonse n'kuziikanso zitalembedwa nambala yathu pakati penipeni, modutsa pakhoma la nyumba, poti ya m'mphepete amangoidula. Pa chikwangwani tawonjezera kuti kuona nyumba ndi kwaulere.

Kuonetsa ndi Loweruka lokha, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, mochita kupangana. Panyumba pamakhala anthu akuluakulu awiri, wina kuyenda ndi alendo, wina kutsala pabalaza. Aliyense amalemba dzina ndi nambala m'kope pageti. Ma laputopu, mafoni ndi mapepala zimatsekeredwa. Si onse odzaona nyumba amene akufuna nyumba, ena akuwerenga maloko ndi mawindo.

Mafunso amene akubwerezedwa: madzi amatuluka nthawi zanji, msewu umakhala bwanji nthawi ya mvula, septiki tanki inapopedwa liti, mukugulitsiranji. Tikuyankha zoona. Wogula amakafunsabe kwa aneba.

12 Juni: wogula woyamba

Bambo wina wogwira ntchito m'tauni wapereka K73 miliyoni, gawo lalikulu kuchokera ku ngongole ya banki. Loya walemba mgwirizano: dipoziti ya 10 peresenti isungidwe ku akaunti ya makasitomala ya loya, osati m'manja mwa mwini nyumba, wogula ali ndi masiku 30 oti abweretse kalata ya banki yovomereza ngongole, banki ikakana, dipoziti ibwezedwe yonse, akangosintha maganizo yekha, K1 miliyoni itsale. Chikwangwani sitinachotse, ndipo ofunsa akuuzidwa kuti pali wina patsogolo koma asiye nambala.

Wina anabwera ndi maganizo akuti apereke theka, alowe m'nyumba, yotsalayo adzamalize akagulitsa soya. Takana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: munthu amene walowa ndi banja lake atalipira theka simungamutulutse popanda khothi, ndipo pomwe mlandu ukuyenda kwacha ikugwa, theka lotsalalo likuchepa mphamvu.

10 Julayi: zagwa

Banki inatuma valuer wake, amene anaika nyumba pa K69 miliyoni. Kanyumba kakumbuyo sanakawerengere mokwanira chifukwa sikali pa mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo, kanamangidwa pambuyo pake. Banki imabwereketsa potengera mtengo wa valuer wake, osati umene mwagwirizana, choncho mpata umene wogula anayenera kudzaza ndi ndalama zake unakula, ndipo walephera. Dipoziti yabwezedwa monga mwa mgwirizano. Panalibe mkangano chifukwa ndalamayo sinakhudzidwe. Ikanakhala kuti inalowa m'thumba n'kulipira fizi, pano tikanakhala pa nkhani ina.

Mwezi watayika. Za kanyumbako tsopano tikuuza aliyense poyambirira, tisanakambe za mtengo. Njira ina ndi kujambulitsa mapulani a momwe kanamangidwira n'kukapempha khonsolo kuti ivomereze, koma zimatenga nthawi, ndipo kwa wogula wa kashi si nkhani yaikulu bola adziwe ndipo zilembedwe.

Sabata yomweyi wina watumiza pa WhatsApp chithunzi cha lisiti la banki la K7 miliyoni, akuti dipoziti, n'kupempha kuti timutumizire fotokope ya lizi ndi chiphaso kuti "loya wake ayambe ntchito". Ku akaunti sikunalowe kanthu. Chithunzi cha lisiti si ndalama, ndipo fotokope ya lizi pamodzi ndi chiphaso ndi zida zokwanira kuti wakuba akagulitse nyumba yanu kwa munthu wina. Mapepala amapita kuchokera kwa loya kupita kwa loya.

24 Julayi: wogula wachiwiri

Mayi wina amene analemba dzina m'kope mu Meyi waimbiridwa, ndipo wabweranso ndi mmisiri wake. Ndalama zambiri zikuchokera kwa mwamuna wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo nyumba ilembedwa m'maina a onse awiri. Anayamba pa K68 miliyoni, tathera pa K72 miliyoni. Chimene chathandiza ponenerera ndi lipoti la valuer ndi search yoyera zili patebulo. Munthu akaona kuti mapepala ndi okonzeka, sakhala ndi chifukwa chochotsera ndalama "za mavuto a kutsogolo".

Loya wafunsa ziphaso za unzika za onse awiri. Malamulo a malo atasinthidwa mu 2022, malo sagulitsidwa kwa munthu amene si nzika ya Malawi, choncho wogula wokhala kunja ayenera kuonetsa kuti ndi Mmalawi. Popeza bamboyo sabwera, wapereka mphamvu kwa mkazi wake kudzera mu power of attorney yosainidwa pamaso pa notary (loya wotsimikizira zikalata) komweko, ndipo pepala lenileni likubwera pa basi ndi wachibale. Fotokope ya pafoni siilandiridwa.

Mgwirizano walemba izi momveka: mtengo, dipoziti ya K7.2 miliyoni kwa loya. Yotsala ilowe kwa loya mapepala osinthira dzina asanasainidwe. Wogulitsa alipira ngongole zonse za khonsolo, za malo, madzi ndi magetsi mpaka tsiku lopereka makiyi. Wogula alipira stamp duty (msonkho wodinditsira mapepala osinthira dzina), ndalama yolembetsera ndi loya wake. Zotsala m'nyumba ndi giza, thanki ya madzi ya malita 2,000 ndi chitsulo chake, makabati a kukhitchini ndi mawaya a pampanda. Zochoka ndi invetala, mabatire ndi dishi. Za kanyumba kopanda pulani zalembedwanso. Mkazi wa mwini nyumba wasaina kuvomereza, ngakhale dzina lake silili pa lizi. Nyumba ya banja ikagulitsidwa mmodzi asakudziwa, mnzakeyo angathe kukaika chiletso kwa kaundula ndipo zonse zimaima.

14 Ogasiti: chilolezo ndi msonkho

Malo a lizi ya boma sasintha dzina popanda chilolezo cha Unduna wa za Malo. Loya wapereka pempho pamodzi ndi mgwirizano, fotokope ya lizi, malisiti a msonkho wa malo ndi ziphaso za mbali zonse. Nthawi yomweyo tapempha tax clearance (kalata yotsimikiza kuti za msonkho zili bwino) ku MRA, imene lamulo limafuna posintha umwini wa malo ndi nyumba. Ziwirizi ziyende limodzi, osadikira china chithe.

Nyumba imene mwini wake amakhalamo imaonedwa mosiyana ndi ya lendi. Ya lendi, phindu limene mwapeza poigulitsa limadulidwa msonkho, ndipo malisiti ogulira malo ndi omangira ndi amene amatsitsa phindulo. Amene akugulitsa nyumba ya lendi awerengeretu msonkhowu asanavomere mtengo. Kwa ino, mabilu a madzi a m'dzina la mwini nyumba aikidwa m'fayilo monga umboni woti amakhala pomwepo.

Pali chiyeso chimodzi chimene chimabwera pa siteji ino. Wogula, kapena womulangiza, amapempha kuti pa mapepala palembedwe mtengo wotsika, mwina K50 miliyoni, kuti stamp duty ichepe, yotsalayo iperekedwe pambali. Musalole. Ndi mlandu, komanso zinthu zikasokonekera khothi limaona nambala yolembedwayo, ndipo ya pambaliyo mulibe poigwira.

Kalata ya khonsolo yotsimikiza kuti palibe ngongole yatengedwanso yatsopano, chifukwa ya mu Malichi yapitirira nthawi ndipo bilu ina yatuluka pakatipa.

10 Seputembala: kusaina ndi ndalama

Chilolezo ndi tax clearance zonse zatuluka. K64.8 miliyoni yotsala yalowa ku akaunti ya loya kudzera ku banki. Kashi m'chikwama tinakana kuyambira pachiyambi: kuwerenga K72 miliyoni ya ma K5,000 ndi manoti 14,400, pakati pake pangakhale achinyengo, ndipo banki ifunsabe kumene yachokera. Airtel Money ndi Mpamba zili ndi malire, si za malonda otere. Banki ya mwini nyumba inauzidwa pasadakhale ndipo inapatsidwa fotokope ya mgwirizano, kuti ndalama yaikulu ikalowa akaunti isatsekedwe pofuna kufufuza.

Loya atatsimikiza ndi sitetimenti kuti ndalama zafika, mwini nyumba wasaina fomu yosinthira lizi pamaso pake, ndipo setifiketi yeniyeni yaperekedwa kwa loya wa wogula kuti akadinditse ndi kulembetsa. Dongosolo lake ndi limenelo: ndalama kwa loya, siginecha, ndalama kwa wogulitsa, makiyi pomaliza.

27 Seputembala: makiyi

Ndalama zalowa ku akaunti ya mwini nyumba, ndipo katundu wasamutsidwa. Tayenda ndi wogula chipinda ndi chipinda, mndandanda wa zotsala uli m'manja. Mita ya madzi yawerengedwa ndi kujambulidwa, bilu yomaliza ilipidwa ndi wogulitsa. Khadi la mita ya magetsi laperekedwa. Makiyi onse, ndi a geti omwe, alembedwa pa pepala limene mbali zonse zasaina. Makalata opempha ESCOM, Lilongwe Water Board ndi khonsolo kuti asinthe dzina asainidwa lero lomwe, chifukwa zikasiyidwa, ngongole za mwini watsopano zimakula m'dzina la wakale.

Zonse zimene zatuluka m'thumba: kukonza K1,190,000, valuer K350,000, saveya K220,000, loya K600,000, ngongole za khonsolo ndi malo K547,000, kulengeza K205,000, mafuta a galimoto, mafotokope, chikalata cholumbira ndi timalipiro ta m'maofesi pafupifupi K150,000. Pamodzi K3,262,000, osawerengera bilu ya khonsolo ya pakatiyi. Komishoni ya 5 peresenti pa K72 miliyoni ikanakhala K3.6 miliyoni, ndipo ikanabwera pamwamba pa zambiri mwa izi, poti ejenti salipira loya, penti kapena ngongole za khonsolo. Chimene akanatichotsera ndi ndalama yolengezera, mafoni a madobadoba ndi ma Loweruka onse a Meyi mpaka Julayi. Kwa munthu wokhala mumzinda momwemo ndipo angathe kuchoka kuntchito masana, phindu lilipo. Kwa amene ali kutali ndi nyumba yake, kuonetsa kokhako kungamugonjetse.

Chatsala ndi setifiketi ya m'maina a ogula, imene loya wawo akuilondola kwa kaundula. Ikatuluka tidzachita search yomaliza kuti tione kuti dzina la mwini wakale lachokadi, ndipo fotokope yake idzapita ku khonsolo ndi ku ofesi ya msonkho wa malo.